Imelo ya geni isakhale m'thumba la munthu mmodzi

Sabata ino ndasankha kalata imodzi yokha, yochokera ku Chigwa cha Shire, chifukwa nkhani yake ikukhudza mabanja ambiri amene akuchita geni limodzi masiku ano. Tamvani mmene alembera mayiwa:

"Zikomo pondipatsa mpata. Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Timakhala kwa Ngabu m'boma la Chikwawa. Ine ndi bambo a kunyumba timachita geni yogula mbuzi m'midzi n'kumagulitsa kumabutchala a ku Blantyre, nthawi zinanso kumabungwe amene amagawa ziweto kwa alimi. Mpamba wake tinachita kusonkherana, ine ndinagulitsa thonje langa.

"Imelo yathu yoyamba anatitsegulira mnyamata wina wokonza mafoni pamsika m'chaka cha 2019. Pasiwedi anaika yekha, ife timangotsegula foni n'kumawerenga. Foniyo inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo imeloyo sitinaionenso. Kuyambira pamenepo bambo anayamba kupereka imelo yawo ya Gmail kwa makasitomala. Mwezi wathawu bungwe lina linatumiza kalata yofuna koteshoni ya mbuzi 40, n'kutipatsa masiku atatu. Bambo anali kumisika ya ku Nsanje, foni itathera moto, ndipo kalatayo anaiona patatha sabata. Oda inapita kwa ena.

"Nditawapempha pasiwedi kuti ndizionako ine, anakana, ati muli zinthu zawo. Panopa m'nyumba mulibe mtendere chifukwa ndikuganiza kuti akubisa chibwenzi. Achimwene anga a ku Johannesburg akuti tisiye Gmail tipite ku Proton, pamene mphwanga wa kukoleji akuti tigule imelo yolipira. Ndimvere ziti? Ndithandizeni. Ndine mayi wodandaula, Ngabu."

Zikomo mayi polemba, ndipo pepani ndi oda ija. Mbuzi 40 si ndalama yamasewera. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndikuyankhani inu, koma bambowo muwapatsenso tsambali awerenge, chifukwa zina ndi zawo.

Choyamba mudziwe ichi: makalata a imelo sakhala m'foni. Amakhala m'makompyuta akuluakulu a kampani imene inakupatsani adiresiyo, kutali kwambiri ndi Shire. Foni ili ngati zenera longosuzumirapo. Madzi a Freddy anatenga zenera, nyumba anaisiya ili chilili. Chimene chinakutsekerani kunja n'chakuti kiyi munamusiya m'manja mwa mnyamata wa pamsika. Ulendo wachiwiriwu kiyi yemweyo ali m'thumba la bambo okha. Ndiye ngakhale mutasamukira kukampani ina lero, mukapitiriza kusiya kiyi kwa munthu mmodzi, mawa mudzandilemberanso kalata yomweyi.

Za imelo ya 2019 ija ndisakunamizeni. Kuyambira mu December 2023, kampani ya Google, imene ndi mwini wake wa Gmail, inayamba kugwiritsa ntchito lamulo loti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa itha kufufutidwa pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zake. Ngati yanu inali ya Gmail, nthawiyo inakwana kale. Yesanibe sabata yomwe ino: lembani adiresiyo, dinani pamene akufunsa ngati mwaiwala pasiwedi, muone nambala ya foni imene akufuna kutumizako khodi. Ikakhala yanu, mwapulumuka. Ikakhala ya mnyamata uja, mufunefuneni. Zikakanika, madzi akatayika saoleka, tiyang'ane kutsogolo.

Tsono achimwene anu ndi mphwanuyo aliyense wanena mbali ya zoona. N'zoona kuti geni yanu ikufunika imelo ina, ndiponso ndi nzeru kuti ikhale ya kampani ina. Inu a ku Chigwa simusowa kuphunzitsidwa za minda iwiri. Makolo anu ankalima kumphala ndi kudimba: dzuwa likawotcha mapira kumtunda, chimanga ndi mbatata zakudimba zimapulumutsa banja, ndipo madzi akamiza dimba kumtunda kumatsala kanthu. Imelo nayonso ndi chimodzimodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Gmail, imene inayamba mu 2004, imapatsa munthu malo aulere okwana 15 GB. Koma malowo sali a makalata okha ayi. Zithunzi za ukwati, mavidiyo a kwaya, mafayilo ndi zonse zimene WhatsApp imasungitsa ku Google kuchokera m'mafoni a Android zimadya pamalo omwewo. Malo akadzaza, makalata atsopano salowanso, amabwerera kwa amene watumiza. Taganizani, bungwe likukufunani pa oda, kalata n'kubwerera chifukwa cha mavidiyo a chinkhoswe cha mlamu wanu! Komanso akaunti ya Google ndi imene imayendetsa foni yonse ya Android. Ikatsekeka kapena ikabedwa, zonse zimapitira limodzi: manambala a anthu, zithunzi, makalata.

Choncho Gmail musaitaye. Aliyense wa inu akhale ndi yake ya zinthu za iye mwini, poti foni imaifuna kale. Koma ya geni ikhale payokha, kwina. Funso ndi lakuti kuti? Tiyeni tiwaone mmodzimmodzi, ndipo tisatengeke ndi dzina, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Woyamba ndi Outlook wa kampani ya Microsoft. Achikulire amene ankapita kumakefe a intaneti ku Blantyre kalelo amamudziwa ndi dzina la Hotmail, imene inayamba mu 1996. Ndi yaulere, makalata ali ndi malo a 15 GB, ngakhale kuti mafayilo omata pakalata amawerengedwanso pamalo ena a 5 GB. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti amalola kulembetsa njira zingapo zopulumutsira akaunti, ndiye yanu ndi ya bambo zonse zikhoza kukhalapo. Maofesi ambiri anaizolowera, ndipo imatsegulidwa bwinobwino pafoni wamba ya Android.

Wachiwiri ndi Yahoo. Ambiri imelo yathu yoyamba inali imeneyi ndipo ikugwirabe ntchito. Koma mudziwe mbiri yake: mu 2017 kampaniyi inavomera kuti akuba apaintaneti amene anaithyola mu 2013 anakhudza maakaunti ake onse, okwana 3 biliyoni. Ngati muli ndi Yahoo yakale imene pasiwedi yake simunasinthe chiyambire, sinthani lero. Ndiponso bokosi la Yahoo likakhala miyezi 12 osatsegulidwa, makalata ake atha kufufutidwa.

Wachitatu ndi Proton imene achimwene anu akuitama. Inayamba mu 2014 ku Geneva m'dziko la Switzerland, ndipo anaiyambitsa ndi asayansi amene anakumana kumalo a kafukufuku otchedwa CERN. Mphamvu yake ndi chinsinsi: makalata amene ali m'bokosi lanu amamangidwa mwakuti ngakhale eni kampaniwo sangawawerenge. Kwa mtolankhani, loya kapena munthu wosunga nkhani za odwala, imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma chitseko cholimba chimavutitsanso mwini nyumba akataya kiyi. Mukaiwala pasiwedi ya Proton mulibe mawu 12 opulumutsira amene amakupatsani, mutha kulowanso ndithu koma makalata akale osawerengeka. Malo aulere nawonso ndi ochepa, safika patali kuposa 1 GB. Inu mayi mtengo wa mbuzi si chinsinsi cha boma, ndipo mbiri yanu ndi yotaya makiyi. Proton ikhale ya achimwene ku Joni.

Chachinayi ndi chimene akunena mphwanu, imelo ya dzina lanulanu. Apa mumagula dzina la paintaneti, limene amati domain, lokhala ndi dzina la bizinesi yanu n'kuthera ndi .mw, chizindikiro cha dziko la Malawi, kapena .com. Adiresi yanu imathera ndi dzina limenelo m'malo mwa dzina la Gmail kapena Yahoo. Ubwino wake ulipo uwiri. Mabungwe amakuonani kuti ndinu okhazikika, ndipo mukakhumudwa ndi kampani yosunga makalata mumasamuka nayo adiresi yanu osasintha chilembo ngakhale chimodzi. Muthanso kukhala ndi mabokosi awiri kapena atatu pansi pa dzina limodzi. Makampani ngati Zoho ya ku India, Google ndi Microsoft amasunga makalata a mtundu umenewu, ndipo aliponso makampani a konkuno amene amachita ntchito yomweyo.

Koma walira mvula walira matope. Dzinalo limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo mukaiwala kulipira, makalata amasiya kufika, pakapita nthawi wina atha kuligula. Makampani akunja amafuna madola kudzera pakhadi ya kubanki, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zakhala zikuvutira. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Bilu ya madola imene munaigwirizana chaka chino si imene mudzalipire chaka chamawa. Mukasankha njira imeneyi, funani kampani imene imalandira makwacha ndi kupereka lisiti, ndipo muonetsetse kuti dzinalo lalembetsedwa m'dzina lanu, osati la mnyamata amene wakuthandizani. Apo ayi mwabwereranso pamsika paja.

Mwandifunsa kuti mumvere ziti, ndiye ndikuyankhani mosazungulira. Pa msinkhu umene geni yanu ili panopa, tsegulani imelo yaulere ya Outlook ya geni yokha. Geni ikadzakula, mwalembetsa bizinesi, muli ndi wantchito wolemba mabuku ndipo mukupikisana nawo pa matenda a mabungwe, mudzagule dzina lanulanu. Musayambe ndi bilu imene mbuzi sizinaibereke.

Tsono kutsegula kwake kukhale motere. Mukhale pansi nonse awiri, mafoni onse ali pamphasa. Wina akhoza kukulangizani poti mudine, koma pasiwedi mulembe nokha iye atayang'ana kumbali. Isakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa, zimenezo mudzi wonse ukuzidziwa. Lumikizani mawu anayi osagwirizana ndi manambala pakati, ndipo isafanane ndi ya Facebook.

Dzina la adiresi likhale la bizinesi, lalifupi, loti mutha kulitchula pafoni munthu n'kulemba osalakwitsa. Mayina oseketsa aja munkatchulana kusukulu asiyeni. Wogula wa kubungwe akaona koteshoni yochokera kwa "kamwana kokoma", amaganiza kawiri.

Kenaka lembetsani manambala onse awiri, yanu ndi ya bambo, kuti ndi otumizirako khodi, ndipo muonjezere Gmail yanu kuti ikhale khomo lachitatu. Pa nambalapo samalani. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika. Ngati nambala yanu ya Airtel kapena TNM inalembetsedwa m'dzina lanu, foni ikapita ndi madzi mumapita kuofesi yawo ndi chiphaso n'kukatenganso nambala yomweyo. Koma ngati inalembetsedwa ndi chiphaso cha msuweni wanu kapena cha wogulitsa mayunitsi, nambalayo si yanu. Kakonzeni zimenezi musanaimangirire imelo. Dziwaninso kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa n'kupatsidwa kwa munthu wina, ndipo makhodi anu azidzapita kwa mlendo ameneyo.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: makampaniwa amapereka kiyi wapadera wolemba papepala. Microsoft amapereka khodi imodzi ya zilembo 25. Google amapereka makhodi 10 a manambala asanu ndi atatu kwa amene atchera chitetezo cha masitepe awiri, chija chimafunsa khodi mukatha kulemba pasiwedi. Lembani ndi bolopeni, kulungani m'pulasitiki, ikani m'chikwama chimene mumasungamo ziphaso ndi mabuku a kusikelo a ana, chija mumayamba kunyamula madzi akamabwera. Pepala lina mukasungitse kwa m'bale wodalirika wokhala kumtunda, lili m'envulopu yomata. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi anasefukira mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Bangula sakonzekera ngati madzi adzabwere, amakonzekera tsiku limene adzabwere.

Mukatsegula, iyeseni muli pakhomo panu pomwepo, osati m'tauni. Jambulani invoisi, tumizani kuchokera pafoni ya bambo, muone ngati ikufika pafoni yanu madzulo pamene netiweki imalemera. Imelo imene imathamanga ku Limbe koma kwa Ngabu imangozungulira ilibe phindu kwa inu. Za moto nazonso muziganizire. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, konko ku Chikwawa, dziko lonse linakhala pa mdima wa apa ndi apo kwa nthawi yoposa chaka. Imelo ikakhala pamafoni awiri, ina ikathima ina imaona. Kasola kakang'ono kotchajira foni n'kotchipa kuposa oda yothawa.

Kusamuka kukhale kwa pang'onopang'ono. Lembani mndandanda wa onse amene ali ndi adiresi yakale: mabutchala, mabungwe, banki, a MRA ngati munalembetsa za msonkho. Atumizireni kalata yaifupi kuchokera ku adiresi yatsopano, kenaka muwaimbire foni kutsimikiza kuti ndinu. Kuimbako n'kofunika, chifukwa akuba nawonso amalemba makalata onena kuti "tasintha adiresi" kapena "tasintha akaunti ya kubanki". Sinthani pachidindo, pabuku la malisiti ndi pachikwangwani. Mu Gmail ya bambo muli njira yoti makalata ochokera kwa anthu amene mwawasankha azingopitirira okha ku adiresi yatsopano, ena onse n'kutsala. Itchereni kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo mugawane ntchito: wina aziona m'mawa, wina madzulo, tsiku lililonse, ngakhale bandulo ikhale ya ndalama zochepa.

Wina anena kuti bwanji osangogwiritsa ntchito WhatsApp? Kwa abutchala imakwanira. Koma mabungwe ndi maofesi amafuna umboni wolembedwa wokhala ndi tsiku ndi nthawi, woti akauonetse kwa owerengera ndalama. Tsiku limene adzachedwetse malipiro anu, kalata ya imelo ndi imene idzakuyankhulireni. Ndipo pa zonsezi gwirani lamulo limodzi: khodi yobwera pafoni yanu sapatsa munthu, kaya akuti ndi wa kubanki, wa kukampani ya foni kapena wa bungwe lopereka thandizo.

Tsopano tibwere kunkhani ya m'nyumba. Mayi, kukana kwa bambo kupereka pasiwedi si umboni wa chibwenzi. Munthu atha kukhala ndi makalata a kwawo, a ngongole imene akuchita nayo manyazi, kapena a mnzake amene anamuululira zakukhosi. Nanunso muli ndi zanu zimene mumakamba ndi achemwali anu. Musalowe m'foni yawo mozemba akagona. Kupatula kuti mudzaononga chikhulupiriro, lamulo la mu 2016 loona za ntchito zapaintaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsa kulowa m'zinthu za munthu zapakompyuta popanda chilolezo. Ngati pali zina zimene zikukukayikitsani, monga kubwera usiku kapena ndalama zosaoneka mutu wake, zikambeni poyera, zikavuta ankhoswe alipo. Pasiwedi siinamangepo banja.

Koma inu bambo, mundimve bwino. Geni imeneyi ili ndi thonje la mayi m'kati. Simungatseke nkhokwe ya banja n'kupita ndi kiyi ku Marka sabata yathunthu. Zanu sungani, palibe akukulandani, koma za geni zitulutseni zikhale poti nonse muziziona. Ndiponso tisaope kunena: moyo ndi wa Mulungu. Mutagona m'chipatala mwezi wathunthu, kapena mutatisiya, mayi adzadziwa bwanji amene ali ndi ngongole yanu? Adzaonetsa chiyani kwa achibale pofuna kutsimikiza kuti geniyi inali ya anthu awiri? Amasiye ambiri amataya chuma chifukwa zonse zinali m'mutu ndi m'foni ya malemu. Mukagwirizana za imelo ya geni, muona kuti theka la mkangano wanu latha lokha.

Mawu otsiriza apite kwa makolo. Mwana wanu akafika Fomu 4 adzafunika imelo yake, chifukwa kufunsira malo kumayunivesite a boma kudzera kubungwe la NCHE komanso ngongole ya ophunzira zimachitika paintaneti masiku ano. Musadikire tsiku lotseka kuti mwana athamangire kukefe n'kukalemba adiresi ya mwini kefe kapena ya mnzake wa m'kalasi. Mayankho adzapita komweko. Khalani naye pansi, atsegule ya dzina lake lenileni, nambala yanu ikhale yopulumutsira kufikira atadzakhala ndi yake yolembetsedwa. Google salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula yekha akaunti, amafuna kholo liyang'anire, ndiye musamuphunzitse kunama zaka. Ndipo imelo ya geni musamatsegulire ana masewera kapena TikTok, imeneyo ndi ofesi.

Mayi a kwa Ngabu, pitani mukaphike tiyi, muitane bambo, mutsegule imeloyo lero lomwe dzuwa lisanalowe. Kenaka mulembere bungwe lija kalata yaulemu, mupepese kuti uthenga wawo munauona mochedwa, muwapatse adiresi yatsopano ndi manambala onse awiri. Ogula mbuzi sagula kamodzi. Mudzandiuze mmene zayendera.

Nanu awerengi, ngati muli ndi vuto la m'banja, la ana kapena la geni, lemberani tsamba lino. Dzina lanu sitidzalitchula. Tikumanenso Lamulungu likudzali.